Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa

Pali funso limene eni mabizinesi ambiri amalifunsa zinthu zitavuta kale: kodi mnzanga uja akundiposa pati pamene tonse timapikula katundu kumodzi ndipo timagulitsa pamsika umodzi? Mupeza zigayo ziwiri zoyang'anizana, injini zake zofanana, mtengo wogayitsira umodzimodzi, koma amayi akufola pachigayo chimodzi pamene pachinacho mwini wake akuwodzera pakhomo. Mupezanso maesiteti awiri ogundana malire, mvula imagwa imodzi, feteleza amagula kusitolo imodzi, koma mabelo a wina akafika ku okushoni amapeza mtengo wabwino pamene a mnzake amabwezedwa kuti akasankhidwenso.

Zikatere ambiri amathamangira kunena kuti uyo ngokhwima, ali ndi mankhwala a bizinesi. Maganizo anga ndi akuti mankhwalawo alipodi, koma sali m'nsupa ayi. Mankhwala ake ndi munthu amene walembedwa ntchito: uja amadziwa kutchera sefa ndi kumva kuti injini yayamba kulira mwachilendo, uja amasonkhezera moto kubalani usiku osagona, uja amasankha fodya, uja amasunga mabuku a ndalama. Kampani, kaya ikhale yaikulu kaya yaing'ono, imaposa inzake pamene yapeza munthu wodziwa, n'kumumvera, n'kumusunga. Zitatuzi zimayendera limodzi, ndipo chikasowa chimodzi zinazo sizipindula.

Kuti mfundoyi imveke bwino, tiyeni tione mbiri ya kampani imene dzina lake Amalawi ambiri amalidziwa, ya Carlsberg. Paja fakitale yake yoyamba kunja kwa dziko la Denmark idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1968, ndipo kampaniyi idakhala ndi gawo lalikulu m'fakitaleyo mpaka 2016 pamene idagulitsa masheya ake ku kampani ya Castel ya ku France. Sindikulemba izi pofuna kukopera munthu kubotolo, choncho amene samwa asapinde nyuzipepala. Nkhaniyi ndi ya momwe mwini bizinesi wina adasankhira antchito ake, ndipo muona kutsogoloku kuti zimene antchitowo adatulukira zikugwira ntchito mpaka lero ngakhale m'munda mwanu.

Mwini amene adadziwa pothera nzeru zake

Mwini wake woyamba, J.C. Jacobsen, adayamba kufulula mowa pakaphiri ka Valby, kunja kwa mzinda wa Copenhagen, m'chaka cha 1847, ndipo fakitaleyo adaitcha dzina la mwana wake Carl. Ntchito yofulula adaiphunzira kwa bambo ake, komanso adali munthu wosachita manyazi kukafunsa kwa odziwa. M'chaka cha 1845 adapita mpaka ku Munich, m'dziko la Germany, kukatenga yisiti kwa wofulula wina wotchuka dzina lake Gabriel Sedlmayr, n'kubwera naye ulendo wautali pangolo ya akavalo akumuziziritsa ndi madzi m'njira kuti asafe.

Yisiti amayi ophika mandasi ndi buledi amamudziwa. Ndi tamoyo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timene timadya shuga wa m'chimera n'kusandutsa madzi otsekemera kukhala mowa. Masiku amenewo wofulula aliyense ankasunga yisiti wotsala pamowa wa lero kuti afululire wa mawa, monga momwe mlimi amasungira mbewu ya chaka chino kuti adzabzale chaka chamawa. Vuto lidali lakuti nthawi zina mowa unkangowonongeka popanda wodziwa chifukwa chake. Chimera chabwino, madzi abwino, antchito omwewo, koma migolo yonse n'kuwawa kapena kununkha. Amayi ofulula masese akudziwa kupweteka kwake kwa kutaya mbiya yathunthu.

Pofika zaka za m'ma 1870 Jacobsen adali atalemera kale. Akadafuna akadangowonjezera migolo ndi kumanga nyumba zina. Koma adazindikira kuti iye, ngakhale adakulira m'ntchitoyo, sankadziwa chenicheni chimene chimachitika mumgolo, ndipo opikisana naye nawonso sankadziwa. Amene angayambe kudziwa ndiye adzatsogole. Choncho m'chaka cha 1875 adatsegula labotale pafakitale pomwepo, chinthu chimene chidali chachilendo kwa ofulula mowa. Chaka chotsatira adakhazikitsa bungwe la Carlsberg Foundation kuti liziyang'anira labotaleyo, ndipo adakonza zoti oliyendetsa azisankhidwa pakati pa akatswiri a sayansi a m'dzikolo.

Apa pali phunziro loyamba. Mwini bizinesi amene amaganiza kuti iye ndiye wodziwa zonse sangalembe ntchito munthu womuposa nzeru, chifukwa munthu woteroyo amamuopa. Amafuna anthu omuvomereza pa chilichonse. Bizinesi yake imakula kufika pamene nzeru zake zathera, basi n'kuima pomwepo.

Mwana wa wopenta nyumba

Mmodzi mwa anthu amene adalowa m'labotale ija adali Emil Christian Hansen. Munthuyu adabadwa m'chaka cha 1842 m'tauni ya Ribe, m'banja losauka. Bambo ake adali wopenta nyumba, ndipo iyenso adagwirako ntchito yomweyo. Sukulu adaphunzira movutikira ali wamkulu kale, akudzilipirira ndi ndalama za uphunzitsi ndi zolemba nthano. M'chaka cha 1876 yunivesite ya Copenhagen idamupatsa mendulo yagolide chifukwa cha kafukufuku wake wa tizibowa timene timamera pandowe za ziweto.

Taganizani, alimi anzanga. Munthu wa zaka zoposa 30, wopanda m'bale aliyense m'kampanimo, wosadziwika pa nkhani yofulula, amene luso lake lidaonekera pofufuza ndowe. Ndi eni mabizinesi angati amene akadamuitana? Komatu chimene chinkafunika mumgolo wa mowa lidali diso lodziwa kusiyanitsa tamoyo tofanana kwambiri, ndipo diso limenelo Hansen adali nalo. Pofika chaka cha 1879 adali mkulu wa imodzi mwa nthambi ziwiri za labotaleyo.

Adatha zaka zingapo akusuzumira m'chipangizo chokulitsa tinthu tosaoneka ndi maso chotchedwa maikulosikopu, popanda phindu la ndalama looneka. Panthawiyo ambiri, potsatira katswiri wa ku France Louis Pasteur, ankati mowa umawonongeka ndi mabakiteriya. Hansen adapeza kuti palinso mdani wina. Yisiti amene ofulula ankamuyesa mtundu umodzi adali wosakanikirana, ndipo mkati mwake mudali yisiti wakutchire amene amakhala pazipatso zakupsa ndi m'dothi n'kumauluka ndi fumbi. Zili ngati mbewu ya chimanga imene mwalowa mitundu inayi: m'thumba imaoneka imodzi, koma m'munda ina icha msanga, ina ichedwa, ina singabereke n'komwe.

Njira yake yothetsera vutoli idali yofuna kudekha. Ankasungunula yisiti m'madzi mobwerezabwereza mpaka atapatula kamoyo kamodzi kokha, n'kukaika m'botolo la madzi a chimera owiritsa bwino kuti kaswane pakokha popanda mlendo. Kuchokera pakamodziko ankapeza yisiti wochuluka wa mtundu umodzi. Ndi zofanana ndi kusankha chitsononkho chimodzi chabwino n'kuchichulukitsa m'munda wa patali ndi minda ina kuti mungu wachilendo usafikeko.

M'chaka cha 1883 tsoka lija lidagwera Carlsberg yeniyeniyo. Mowa udayamba kuwawa ndi kununkha. Hansen atayeza adanena mosapsatira kuti vuto lili mu yisiti wa bwana, yemwe uja adachokera ku Munich ndipo Jacobsen adamunyadira kwa zaka pafupifupi 40. Mkuluyo poyamba adakayika. Ndani amakondwa kumva kuti chimene adachivutikira ndicho chabweretsa matenda? Komabe adalola kuti ayese. Mu November 1883 adafulula mowa woyamba ndi yisiti woyera wa Hansen, ndipo mowawo udatuluka bwino. Chaka chotsatira fakitale yonse idayamba kugwiritsa ntchito yisiti ameneyu.

Ili ndi phunziro lachiwiri, ndipo ndi lowawa kuposa loyamba. Kulemba katswiri ntchito n'kosavuta ngati ndalama zilipo. Chovuta ndi tsiku limene katswiriyo adzakuuzeni kuti cholakwika chili mwa inu. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ambiri a ife amene watitsina khutu timamuchotsa ntchito n'kunena kuti ngwamwano. Jacobsen akadatero, malipiro onse amene adapereka kwa Hansen zaka zonse zija akadangotayika pachabe.

Adagawira opikisana naye, koma sadagonje

Chodabwitsa n'chakuti Jacobsen sadabise yisiti uja ndipo sadalembetse ku boma kuti akhale wake yekha. Lamulo la labotale yake lidali lakuti chilichonse chofunika chimene chatulukiridwa chisabisidwe. Ofulula a m'maiko ena adapatsidwa yisitiyo ndi njira yake, ndipo m'zaka zochepa kufulula ndi yisiti woyera kudafala ku Ulaya. Mtundu wa yisitiwo udapatsidwa dzina la sayansi lochokera ku dzina la kampaniyo, Saccharomyces carlsbergensis.

Wina anganene kuti pamenepa mkuluyu adataya chuma. Koma taonani chimene adagawa ndi chimene adatsala nacho. Adagawa yankho la vuto la dzulo. Adatsala ndi munthu amene adapeza yankholo, amene akanatha kupezanso yankho la vuto la mawa. Adatsalanso ndi mbiri yakuti mowa wake susintha kakomedwe, ndipo mbiri yotere ndiyo imabweza wogula kawiri. Makina aliyense wokhala ndi ndalama angagule. Mbewu angapemphe. Koma mutu wa munthu amene wakhala zaka zambiri akuphunzira ntchito yanu sugulidwa kusitolo.

Sindikunena kuti akatswiri okha ndiwo adakweza kampaniyi. Padali ndalama, makina oziziritsa, misika ya kunja ndi kayendetsedwe kabwino. Koma zonsezi opikisana nayo ena adali nazonso. Kampani ya Tuborg, imene idali mpikisani wake wamkulu mumzinda womwewo, idaphatikizana ndi Carlsberg m'chaka cha 1970, ndipo lero Carlsberg ili m'gulu la makampani akuluakulu ofulula mowa padziko lonse.

Zimene zidafika m'munda mwanu

Hansen sadali yekha. Woyamba kulembedwa m'labotale ija, m'chaka cha 1875, adali Johan Kjeldahl, mnyamata wa zaka za m'ma 20 amene ankathandizira pasukulu ya zaulimi ndi ziweto ya ku Copenhagen. Wofulula amafuna kudziwa kuchuluka kwa mapuloteni mu balere amene akugula, chifukwa balere wa mapuloteni ochuluka amatulutsa mowa wochepa. Njira zoyezera zimene zidalipo zidali zochedwa ndi zovuta. M'chaka cha 1883 Kjeldahl adalengeza njira yake yoyezera nayitrojeni, imene imathandiza kudziwa mapuloteni. Njira imeneyi ikugwiritsidwabe ntchito m'malabotale padziko lonse poyeza dothi, manyowa, mkaka ndi chakudya cha ziweto. Mukawerenga pathumba la chakudya cha nkhuku kuti muli mapuloteni ochuluka mwakuti, dziwani kuti kuyeza kotere kudakula ndi ntchito ya munthu ameneyu.

Kjeldahl atamwalira m'chaka cha 1900, malo ake adatenga S.P.L. Sørensen. Uyu ndiye adayambitsa muyeso wa pH m'chaka cha 1909. Muyesowu umasonyeza kuchuluka kwa asidi m'chinthu, ndipo kawirikawiri umawerengedwa kuyambira 0 mpaka 14. Nambala 7 ndi pakatikati, ndipo nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka. Kutsika ndi nambala imodzi kumatanthauza kuti asidi wachuluka kakhumi. Alangizi akatenga dothi la m'munda mwanu kupita nalo ku Chitedze kapena ku Bvumbwe n'kubwera ndi uthenga woti muthire laimu, akugwiritsa ntchito muyeso womwewu. Chimanga sichikondwa ndi dothi la asidi wambiri, chifukwa mizu yake imavutika ndipo gawo lina la feteleza limangomangika m'dothi osafika kumbewu. Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje ndiye amakonda dothi la asidi.

Jacobsen polemba anthu ntchito sankaganiza za dothi la ku Malawi. Ankafuna mowa wabwino woposa wa anzake. Koma munthu waluso ali ngati mtengo wa mango pabwalo: mudaubzala chifukwa cha zipatso, koma mupezapo mthunzi ndi nkhuni zomwe.

Enanso adaona njira yomweyo

Kampani ya Guinness ya mumzinda wa Dublin, ku Ireland, nayonso idayamba m'zaka za m'ma 1890 kulemba achinyamata amene adakhoza bwino sayansi ku mayunivesite a Oxford ndi Cambridge. Mmodzi mwa iwo adali William Sealy Gosset, amene adalowa ntchito m'chaka cha 1899. Vuto limene adakumana nalo mlimi aliyense angalimvetse. Mukabzala mitundu iwiri ya mbewu m'timinda tochepa, wina n'kubereka kuposa unzake, mungadziwe bwanji kuti mtunduwo ngwabwinodi, kapena udangogwera pachulu pamene pali chonde?

Kampaniyo idamulola kupita ku London m'zaka za 1906 ndi 1907 kukaphunzira kwa katswiri wa masamu Karl Pearson. M'chaka cha 1908 Gosset adafalitsa njira yowerengera imene imathandiza kuweruza nkhani zotere ngakhale zoyeserera zili zochepa. Guinness, mosiyana ndi Carlsberg, inkasamala zinsinsi zake, ndipo Gosset adalemba pansi pa dzina lobisika lakuti Student. Njira yakeyo idathandiza posankha mitundu ya balere yoyenera kulimidwa, ndipo mpaka lero imaphunzitsidwa kwa ofufuza zaulimi.

Makampani awiriwa adasiyana pa nkhani yobisa ndi kugawa, koma adafanana pa chinthu chimodzi. Tawerengani zaka. Kjeldahl adagwira ntchito pa Carlsberg mpaka imfa yake m'chaka cha 1900. Hansen chimodzimodzi mpaka 1909. Sørensen adatsogolera nthambi yake kuyambira 1901 mpaka 1938. Gosset adakhala ku Guinness zaka 38 mpaka adamwalira m'chaka cha 1937. Anthu otchuka chotere akadafuna kuchoka akadapeza kolowera. Adakhala chifukwa adapatsidwa zipangizo, nthawi ndi ulemu. Limeneli ndi phunziro lachitatu.

Amene akutsutsa ali ndi mfundo

Ndikudziwa kuti ena akuwerenga akupukusa mutu. Woyamba akuti izi n'za makampani olemera a ku Ulaya, ine wa chigayo chimodzi katswiri ndimulipira chiyani? Yankho langa ndi lakuti katswiri wa pachigayo si pulofesa. Ndi munthu amene amadziwa kuti lamba wakhwepa asanaduke, amene saba dizilo, amene ufa wake amayi sadandaula nawo. Mumusiyanitse ndi mnzake wotchipa powerengera zonse: masiku amene chigayo chaima, ndalama za makaniko, ndi amayi amene adapita kwina osabwereranso. Kawirikawiri wotchipa uja ndiye wodula, kungoti mtengo wake sulembedwa pa tsiku la malipiro.

Wachiwiri akuti ndikamuphunzitsa ndi kumukweza adzandithawa n'kukatsegula yake kapena kupita kwa mnzanga. Izi zimachitikadi. Koma tifunsenso kuti ambiri amathawa chiyani. Malipiro ochedwa miyezi itatu, kutukwanidwa pamaso pa anthu, ndi kuona mphwake wa bwana amene sadziwa kanthu akuikidwa pamwamba pawo. Munthu amene akulipidwa pa nthawi yake ndipo mau ake akumveka sachoka wamba. Ndipo kusunga antchito osadziwa poopa kuti odziwa angathawe kuli ngati kuweta nkhuku zosaikira mazira poopa akuba.

Wachitatu ali ndi mfundo yolemera kwambiri, yakuti kulanda katswiri wotchuka kwa mnzako si chitsimikizo cha kupambana. Izi n'zoona. M'chaka cha 2004 Boris Groysberg ndi anzake a pasukulu ya zamalonda ya Harvard, ku America, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa akatswiri oposa 1,000 olangiza anthu za kugula ndi kugulitsa masheya. Adapeza kuti ambiri mwa akatswiri otchuka akasamukira kukampani ina ntchito yawo inkatsika, ndipo inkatenga zaka isanabwerere mwakale. Luso lawo lidali lomangika ndi anzawo ogwira nawo ntchito, zipangizo ndi kachitidwe ka kumene adachoka.

Mfundo imeneyi sikugwetsa zimene ndanena, koma ikuzilongosola. Mbande yabwino ya fodya mukaiwokera m'dothi losakonzedwa imanyala. Kumbukirani kuti Hansen, Kjeldahl ndi Gosset sadalembedwe ali otchuka kale. Adalembedwa ali ndi luso looneka, kutchuka kudabwera ali mkati. Ntchito ya bwana ndi kuona luso lisanakwere mtengo, n'kulikonzera malo oti likulire.

Chibale ndi fupa, koma bizinesi ili ndi mabuku

Tsopano tifike pamene pamatipweteka. M'maesiteti, m'magolosale, m'makalabu a alimi ndi m'makopaletivi mwathu, funso loyamba polemba munthu ntchito nthawi zambiri limakhala lakuti kodi ndi mwana wa yani, kwawo n'kuti, amapemphera kuti. Funso lakuti kodi ntchitoyi amaidziwa limabwera pomaliza, ngati labwera n'komwe. Msungichuma wa kalabu amasankhidwa chifukwa ndi mlamu wa wapampando, ndipo ngongole ikasokonekera palibe amene angamufunse poopa kudula chibale. Kapitawo amakhala mphwake wa mwini esiteti, ndipo matenanti odziwa fodya kuposa iye amangoyang'ana ntchito ikuwonongeka.

Sindikunena kuti m'bale asalembedwe ntchito. M'bale waluso ndi dalitso lowirikiza. Ndikunena kuti ayesedwe ndi muyeso womwewo umene tikuyesera mlendo. Ngati mukufuna kuthandiza wachibale wosadziwa ntchito, mulipirireni sukulu kapena muyikeni pansi pa wodziwa kuti aphunzire. Kumupatsa makiyi a nkhokwe ndi chidindo cha kubanki si kumuthandiza, ndipo bizinesi ikagwa onse awiri mudzakhala pamsewu pamodzi ndi ena onse amene amadya pamenepo.

Pa nkhani ya chibale Jacobsen sadali chitsanzo changwiro. Adakangana koopsa ndi mwana wake Carl, amene adali wofulula waluso ndipo adatsegula fakitale yakeyake pafupi pomwepo n'kumapikisana ndi bambo ake. Adayanjana mkuluyo ali pafupi kumwalira. Atamwalira m'chaka cha 1887, fakitale yake idapita m'manja mwa bungwe la Carlsberg Foundation monga adalembera, ndipo woiyendetsa adali S.A. van der Aa Kühle, munthu amene poyamba adali msilikali koma adadzionetsa kuti ntchito amaitha. Mafakitale awiriwo adadzaphatikizidwa m'chaka cha 1906 pansi pa Carl. Mkangano wa bambo ndi mwana palibe angautamande. Chimene tingatolepo n'chakuti mkuluyo adakonza zoti ntchito ipitirire m'manja odziwa ngakhale iye kulibe.

Nanga tichite chiyani?

Choyamba, yesani munthu ndi ntchito yeniyeniyo. Wofuna kusankha fodya mupatseni mulu asankhe inu mukuona. Wofuna ukalaliki mupatseni malisiti a mwezi wathunthu awonkhetse. Wofuna kusamala ng'ombe za mkaka mupite naye kukhola akuuzeni imene ikudwala. Satifiketi ndi yabwino ndipo isanyozedwe, koma pali amayi ndi abambo ambiri amene sadapite patali ndi sukulu pamene manja ndi maso awo ndi akuthwa. Palinso achinyamata omaliza maphunziro ku Bunda ndi m'makoleji ena amene akungokhala pakhomo chifukwa alibe wowalankhulira. Onsewa apatsidwe mpata woonetsa.

Chachiwiri, mukapeza wodziwa, gwirizanani momveka ndipo mulembe. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limafuna kuti wolemba ntchito apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza malipiro ndi zina za mgwirizano wawo, komanso limaletsa tsankho polemba anthu. Kupatula za lamulo, pepala limateteza onse awiri ku mikangano ya pa nthawi yokolola. Ngati n'kotheka mumangirire gawo la malipiro ku zotsatira, kuti fodya akagulidwa bwino nayenso amve kukoma.

Chachitatu, amene simungathe panokha sonkhanani. Kalabu imodzi singalipire munthu wodziwa mabuku a ndalama, koma makalabu asanu angathe. Alimi a mkaka a dera limodzi angagwirizane kusunga munthu mmodzi wodziwa matenda a ziweto. Mutu umodzi susenza denga, ndipo thumba limodzi nalonso nthawi zina silisenza malipiro a katswiri.

Chachinayi, mupatseni nthawi ndi khutu. Hansen adatha zaka pafupifupi zisanu phindu lake lisanaoneke poyera. Munthu amene mwamulemba mu Okutobala musamuweruze mu Disembala. Ndipo akakuuzani kuti mbewu imene mumainyadira yatha mphamvu, kapena kuti munda wanu wa pamtima ukufuna laimu, musayankhe ndi ukali. Mupatseni ndime yaing'ono ayesere, monga Jacobsen adalolera kuyesa, kenaka zokolola ziweruze.

Makolo athu ponena kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa adadziwa kuti nzeru imene ikusowa pamudzi nthawi zambiri imakhala ndi munthu amene sitimuwerengera. Adanenanso kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Nyengo yolemba antchito ikafika, mwini esiteti aliyense, wapampando wa kalabu aliyense ndi mwini golosale aliyense akhale pansi ndi mndandanda wa anthu ake, ndipo pa dzina lililonse adzifunse moona mtima kuti munthuyu ali pano chifukwa chiyani. Ngati yankho lake silikukhudza ntchito, dziwani kuti mnzanu wa tsidya la msewu akupeza makasitomala amene inu mukuwataya.